Kageti ka Apongozi Anga

Ika pansi chimenecho. Iwe Mabvuto, ndati uike, osati kuponya! Ana inu mukangoona dzimbiri pa chinthu mumati chafa, basi ulendo wa kudzala. Ndikanachedwa kutuluka m'nyumbamu bwenzi pano nkhuku zikuchipalasa kuseri uko. Bwera nacho kuno, uchigwire ndi manja awiri ngati ukupereka madzi kwa mlendo. Ehee. Tsopano khalani pansi nonse, chifukwa kachitini mukukanyozaka ndi kamene kanakubalani. Pakanapanda aka, ambuya anu akanakwatiwa ndi mwamuna wina wa mapewa aakulu, ndipo inuyo bwenzi kulibe.

Mukuona kanyumba aka, timitengo tiwiri iti, ndi kachitseko aka? Limeneli ndi geti la sitima. Sitima yake inalipo, ya malata, yokhala ndi kiyi wopotokola pambali, ndi njanji zolumikiza mozungulira ngati lichero lalikulu. Zonsezo zinatha kale. Mawilo ake atate anu omwe anazula ali ana n'kukaika ku magalimoto awo a waya, akakana muwauze kuti ndanena ndine. Ine ndinangopulumutsa getili.

Kwathu kwenikweni ndi ku Katete. Ku Nyimba ndinafika zaka za Chitaganya, ndili mnyamata wa ndevu zowerengeka, nditanyamula kabokosi ka sipanala, pampu ndi chitsulo chowotchera mtovu. Ndinkakonza njinga pansi pa mtengo wa mango m'mbali mwa msewu waukulu, pafupi ndi amayi ogulitsa nthochi. Msewuwo musauone wakuda bii lero. Nthawi imeneyo lole ikadutsa tinkatsala tonse ofiira, ife, nthochi, ndi agalu omwe. Ndipo njinga sinkafa, ana inu. Chubu chinkakhala ndi zigamba zambiri kuposa chubu chenichenicho, chikakaniratu tinkapakira udzu m'tayala munthu n'kukafika ku Petauke. Inu foni ikangong'aluka galasi mumayamba kulira maliro.

Pakati pa ogulitsa nthochi aja panali mtsikana wina wa ku Mwape, dzina lake Esitere, wamwano pang'ono. Ndi ambuya anu, amene akusenda mtedza apowa, akunamizira kuti sakumva. Tsiku loyamba anayang'ana manja anga n'kunena kuti, “Imwe aBanda, na manja yakuda so, nthochi muzadya na makoko?” Ndinagula nthochi tsiku limenelo, mawa lake, ndi mkucha womwe, mpaka m'mimba munayamba kundidandaula. Mvula isanagwe ndinali nditakaonekera kwawo.

Masiku amenewo mwamuna sunkanyamula mkazi ngati katundu. Unkapita iweyo kukakhala kwawo, kumanga kanyumba, ndi kulimira apongozi kuti aone ngati mwana wawo sadzagona ndi njala. Akuluakulu ankati mkamwini ndi mlamba, sachedwa kuterereka, choncho maso onse a pamudzi ankakhala pa iwe. Apa ndiye panali vuto langa. Manja awa amamvana ndi waya, koma ndi khasu sanagwirizanepo. Mizere yanga inkakhota ngati njira ya woledzera. Mkamwini wa nyumba yoyandikana nafe akamaliza ndime yake n'kumasuta fodya, ine ndinali ndidakali pakati, ndikuphulitsa matuza.

Apongozi anga aakazi sitinkayang'anizana, ndiwo unali mwambo. Tikakumana panjira mmodzi ankapatukira m'tchire mpaka mnzake adutse. Koma musaganize kuti munthu amene sakulankhula nawe sangakutukwane. Iwo ankalankhula ndi nkhuku. Ndikamadutsa kuseri kwa nkhokwe ndinkangomva, “Nkhuku iwe, pali anthu ena kudya adya na manja yawili, koma kulima alima na kumodzi.” Nkhuku yosalakwa n'kumangojompha zake.

Chimanga chitayamba kumasula, Esitere anandiuza tikuchokera kumunda, osandiyang'ana. “Amalume akamba na amai. Akuti nkhokwe ikapanda kudzala chaka chino, mubwelele kwanu ku Katete.” Amalume akewo anali aLungu, ndipo pa mwana wa mlongo wawo mawu omaliza anali awo. Ndinayang'ana munda uja ndipo ndinadziwa kuti nkhokwe sidzadzaza. Ndikuuzeni zoona, ndinachita mantha. Mkazi ndinkamukonda, ndipo panthawiyo anali kale ndi pathupi pa azakhali anu aakulu.

Munthu mmodzi yekha pamudzipo ndiye sankandiweruza, apongozi anga aamuna, aMumba. Maso awo anali atachita ng'ala, ankangokhala pakhonde kupota chingwe cha luzi. Iwonso anali mkamwini, wa zaka makumi atatu, ndipo pa nkhani za mudzi analibe mawu kuposa ine. Anagwirapo ntchito ku njanji, cha ku Bulokeni Hilo komwe lero mumati Kabwe, zaka khumi ndi ziwiri. Nthawi yonseyo akazi awo analera ana okha kuno. Ndiye pobwera, anzawo atabwera ndi makina osokera ndi njinga, iwo anabwera ndi maso akufa ndi sitima ya chidole imene mkazi wa bwana wawo anawapatsa pobwerera kwawo. Apongozi aakazi sanawakhululukire. Nkhani ya ku njanji ikangoyamba, ankanyamula mtsuko n'kupita kumadzi.

Tsiku lina masana anandiitana. “ABanda, nimvela kuti manja yanu yadziwa zitsulo. Tengani tilanki ili pansi pa bedi.”

Ndinatulutsa zonse n'kuyala pamphasa. Sitima inali yamoyo, nditaipotokola inathamanga bwinobwino. Chakufa chinali getili. Iwo analipapasa n'kunena kuti, “Aka kanali kuseenza kokha sitima ikafika. Kanafa nikali kuona. Mungakautse?”

“Ningayese, Bambo.”

Ndinanena modzichepetsa choncho, koma mumtima ndinkati apa ndiye mudzi uno undidziwe.

M'kanyumba aka mavu anali atamangamo nyumba yawo ya dothi, ndinachita kugogomola ndi msomali. Dzimbiri ndinalichotsa ndi phulusa ndi kansanza, m'makona ndikulowetsa nthenga ya nkhuku yoviika m'parafini. Nditatembenuza, ndinaona nzeru yake. Pansi pa njanji pali kachitsulo kopyapyala. Sitima ikakaponda kamatsika, n'kukoka kawaya, kawayako n'kugwedeza timitengoti ndi kukankha kamunthu kali m'kanyumbamu kuti katuluke. Sitima ikadutsa, kasipuling'i kamabweza zonse m'malo mwake. Kasipuling'iko kanali katathyoka, kawaya kanali katasowa, ndipo timitengo tinali titagulukira m'kachitini ka fodya. Ndinazula sipuling'i ya m'belu la njinga yanga, kuyambira tsiku limenelo ndinkachenjeza anthu ndi mluzu. Kawaya ndinapanga ndi sipoko, kuisula pamwala mpaka itapyapyala. Masana atatu ndikuweruka kumunda, mbaula ya makala ili pambali.

Tsopano mverani pamene ndinagwera. Kawaya kaja kunalibe, ndiye panalibe chondiuza kuti timitengo tizikwera kapena tizitsika sitima ikafika. Ine sitima yeniyeni ndinali ndisanaionepo. Kuno kwathu njanji ikachokera kuti? Geti la mtengo lokhalo limene ndinkalidziwa linali la akashembe, ntchentche zopha ng'ombe zija, pamsewu wopita ku Luangwa. Pamenepo mtengo unkakhala chotsika nthawi zonse. Lole ikafika, munthu wa kaukonde ankaizungulira kufunafuna ntchentche, kuipopera mankhwala, kenako n'kukweza mtengo kuti idutse. Ndiye ndinati m'mutu mwanga, chachikulu chikabwera amachitsegulira. Ndinaona ndithu kuti timitengoti sitikupingasa njanji, tagona m'mbali mwake, koma ndinati azungu anachita dala kuti chidole chisamagundane. Mwini wake wodziwa anali pomwepo pakhonde, mikono inayi kuchoka pamene ndinakhala. Sindinafunse. Safunsa anadya phula, ana inu, ndipo ine ndinadya lambiri.

Choipa china, ndinalengeza. Lamulungu titatuluka m'tchalitchi mudzi wonse unasonkhana pabwalo la aMumba, aLungu atakhala pampando kutsogolo, apongozi aakazi ataima patali pafupi ndi nkhokwe. Ndinalumikiza njanji, ndinapotokola kiyi. AMumba anagwada n'kuika chala chawo pa kamtengo kamodzi, poti maso awo anali m'zala. Sitima inanyamuka, tcheketcheke, tcheketcheke, n'kuzungulira. Itafika pageti timitengo tinakwera m'mwamba, kamunthu n'kutuluka. Amayi anaimba nthungululu, ana analumpha. Ine chifuwa chinali chitatupa.

“Imikani,” anatero aMumba.

Sanakuwe, koma aliyense anamva. Ndinagwira sitima mawilo akuzungulirabe m'manja.

“ABanda, mwapha anthu.”

Nkhope yawo inali itasintha. “Mwatsegula geti sitima ili pakhomo. Onse amene anali kuyembekeza aloŵa pa njanji.”

Oyamba kuseka anali aLungu. “Khasu linamukana, lomba waya nayo yamukana! Kansi adziwa chani uyu?” Anthu anaseka nawo, ngakhale aja ankaimba nthungululu. Ndinalakalaka nthaka itang'ambika.

Kutacha ndinatulutsa njinga n'kuyamba kupopa matayala. Ndinati kusiyana n'kudikira kuthamangitsidwa, ndidzichotse ndekha. Esitere anaima pakhomo manja ali m'chiuno. Ee, munaima choncho, musakane. Anati, “Ngati muyenda, muyendeletu, osabwela mailo na nthochi. Koma atate akuitanani.”

Ndinapita ndikukoka miyendo. AMumba anali ataika geti pamiyendo pawo. Sananene za dzulo lake. Anangogwira dzanja langa n'kuyendetsa chala changa pa kamzere kosalala aka, kamene kakudutsa njanji chopingasa. Utoto wake unali utafufutika, ine ndinkakayesa chokometsera chabe.

“Uyu ni mseu,” anatero. “Apa papita azimai na mitolo pamutu. Apa papita ana a sukulu, ngolo za ng'ombe, oledzela. Sitima siifuna kutsegulilidwa na munthu, aBanda. Ilibe maso, ilibe chifundo, ndipo ngakhale woyendetsa afune kuima, siima. Geti si ya sitima. Ni ya anthu.”

Anandiuza zambiri m'mawa umenewo, poti ntchito yawo ya ku njanji ija inali yolondera geti ngati lomweli. Ankamva sitima ndi mapazi, njanji ikayamba kunjenjemera utsi usanaoneke. Anthu ankawatukwana chifukwa chotseka msanga. Tsiku lina mzungu wa galimoto anawalizira hutala, n'kutsika, n'kuwaopseza kuti awachotsetsa ntchito, iwo anangogwira mtengo wawo ndi manja awiri osayankha, mpaka sitima inadutsa pamphuno pa galimotoyo. Ndipo anati, “Zaka khumi na ziwili, pa geti yanga sipanafe ngakhale mbuzi. Ndiye chuma chimene ninabwela nacho, koma sichioneka mu tilanki.”

Kenako anagwira kamunthu kaja n'kuseka. “Uyu anamupenta mzungu, masaya yofiila. Ine zaka zonse zija sininaonepo mzungu agwila mtengo pa dzuŵa.” Atatha kuseka anatsitsa mawu. “Namvela pampu kuseni. Na ine ndine mkamwini pano, mau nilibe, siningakuimileni pamaso pa aLungu. Koma chinthu chikapindika amachiongola. Sachithaŵa.”

Ana inu, atate anga ondibala anamwalira ndili wamng'ono, ndipo panalibe mwamuna amene anandilankhulapo chotero. Ndinakaphwetsa matayala aja ndekha.

Kukonza kachiwiri kunali kovuta kuposa koyamba. Ndinasungunula mtovu wonse umene ndinamata monyada uja. Panafunika kuti kawaya kakakokedwa, mtengo utsike m'malo mokwera, ndiye ndinakapinda kuti kadutse pamwamba pa kamsomali n'kukagwira mtengo mbali inayo. Sipoko yoyamba inathyoka. Yachiwiri inali yaifupi. Njinga yanga inayamba kuoneka ngati nkhalamba yoguluka mano. Koma ulendo uno chilichonse ndinkafunsa. Mtengo uzitsika sitima ili pati? “Ikali kutali, aBanda. Kuchedwa kwa anthu sikupha.” Ndinasuntha kachitsulo kopondedwa kaja n'kukaika njanji imodzi m'mbuyo, kuti geti lizitseka msanga ngati mmene ankatsekera mwini wake.

Chomaliza sanandiuze munthu. M'kabokosi kanga munali utoto wakuda wopakira mafelemu a njinga, ndi wofiira pang'ono wolembera mizere pa madigadi, zotchinga matope zija. Ndinadula ubweya kumchira kwa mbuzi n'kumangirira ku kamtengo. Kamunthu kaja ndinakapaka nkhope ndi manja, kambendera kake n'kukafiiritsa. M'tilanki munali chipewa chawo chakale cha ntchito, ndinachiyang'ana n'kujambula kamzere kake pa chipewa cha kamunthuko. Ndinkadziwa kuti iwo sadzaona. Ndinangoona kuti n'koyenera.

Ulendo uno sindinaitane munthu. Linali tsiku wamba, dzuwa litapendeka, tilipo atatu pakhonde, ine, aMumba ndi Esitere. Apongozi aakazi anali chapatali akusenda mtedza atatipatsa msana. Ndinapotokola kiyi. Sitima idakali kutali, kamtengo kanatsika, chala cha aMumba chikutsika nako. Kamunthu kanatuluka ndi mbendera. Sitima inadutsa, kamtengo n'kukwera.

Mkulu uja anadzuka. Anaima njo, chiuno chimene chinkawavuta chija osachikumbuka, n'kukweza dzanja lamanja m'mwamba ngati agwira mbendera. “Imani!” anakuwa, mawu amene sindinkadziwa kuti ali nawo. “Imani, amai, sitima ibwela!” Misozi ikutsika m'maso akufa aja.

Ndinamva lichero likuikidwa pansi. Apongozi aakazi ankabwera, ndiye mwa mwambo ndinadzuka n'kukabisala kuseri kwa nkhokwe. Zotsalazi ndinazimva ndi makutu okha.

“Esitele, bwelezela,” anatero apongozi aakazi.

Tcheketcheke, tcheketcheke.

“Aka kamunthu kanali koyela. Nikakumbuka.” Kenako anati, “Chisote ichi nichidziŵa. Aŵa ni atate ŵako.”

Ndinawamva akufunsa amuna awo.

“Imwe ŵisi Esitele. Ndiye nchito munali kuchita iyi?”

“Ni iyi.”

“Tsiku na tsiku?”

“Na pa mvula pomwe.”

“Nanga mukanagona?”

“Sembe anafa anthu.”

“Simunaniuzepo.”

“Munali kuyenda kumadzi.”

Ndinamva kuseka kosakanikirana ndi kufwenthera. Anauza Esitere abwereze, n'kubwerezanso, mpaka kanayi. Miyendo yanga inachita dzanzi kuseri kuja. Kenako nkhuku ina inadutsa, sindidziwa ngati inali yomwe ija, ndipo ndinamva mawu okwera bwino kuti afike kuseri kwa nkhokwe.

“Nkhuku iwe, kauze mlongo wanga aLungu kuti munthu amene wanionetsa mwamuna wanga sachoka pamudzi pano. Mzele wokhota nawo ubala chimanga.”

Ndinakhala pansi pomwepo n'kulira ngati mwana. Sindichita nazo manyazi.

Nkhokwe chaka chimenecho inafika theka. Palibe anatchulapo. ALungu anangobwera ndi njinga yawo yopindika foloko n'kuitsamiritsa pakhoma langa osanena kanthu, ine n'kuikonza osanena kanthu. Pambuyo pake anandilola kuti chilimwe ndizipita ku Nyimba kukagwira ntchito yanga ya zitsulo, dzinja n'kumabwera kudzakhotetsa mizere. Chinandisangalatsa koposa n'chakuti kuyambira pamenepo nkhani za ku njanji zikayamba, apongozi aakazi ankakhala pansi. Ankawatsutsa ndithu, kuti aa, apa mwawonjezera, koma mtsuko sankaugwira.

Ndakhala ndi zambiri zoyamika pa moyo wanga. Ambuya anu andipirira zaka zonsezi, ngakhale mwano sunathe. Ndaona ana, ndaona inu. Koma ndikamawerenga anthu amene anandichitira chifundo, ndimayambira pa mkulu wosaona uja, amene ndinamuchititsa manyazi pa ntchito ya moyo wake wonse pamaso pa mudzi, iye m'mawa mwake n'kundigwira dzanja kundionetsa msewu.

Sitima yeniyeni ndinadzaiona patapita zaka, dziko litalandira kale ufulu, iwo atagona kale kumanda. Ndinapita ku Lusaka kukagula zitsulo za njinga, ndipo basi yathu inaima pa geti la njanji. Anthu onse anathamangira kumawindo kukaona chimutu chake ndi utsi. Ine ndinaona mtengo utatsika, ndipo pambali pake pataima bambo wina wowonda, wa chipewa chofumbwa, thukuta lili kamukamu, atagwira mbendera. Kumbuyo kwathu magalimoto ankaliza mahutala, iye osatembenuka. Ndinatsika m'basimo, ndinavula chipewa changa, n'kumuwombera m'manja mwaulemu. Anandiyang'ana ngati wamisala. Mpaka lero sitima ija sindingakuuzeni kuti inali ya mtundu wanji.

Tsopano iwe Mabvuto, wofuna kutaya zinthu iwe, sendera kuno. Sitima kulibe, ndiye chala chako chikhale sitima. Dina apa, pa kachitsulo aka. Pang'onopang'ono, si foni imeneyo. Waona? Sipoko ya njinga yanga ikugwirabe. Mtengo watsika, kachitseko katseguka.

Vulani zisoti, ana inu. Agogo anu aakulu atuluka, apatseni moni.